Chikhulupiriro Chovala Jombo: Zomwe Ndinaona ku Kanyama

Amene amapita ku Lusaka kuchokera kwathu ku Malawi njira amaidziwa: Mchinji, chipata cha Mwami, Chipata, Katete, Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa pomwe pamagulitsidwa nsomba zouma ndi madengu, kenaka msewu wokhotakhota m'mapiri mpaka basi itakutulani pa Intercity thupi lonse lili wefuwefu. Ambiri amathera ku Kamwala kukaoda katundu, ena ku Manda Hill ndi East Park kukajambulitsa. Ine ulendo wanga woyamba unandifikitsa kwina. Azakhali anga adakwatiwa ku Zambia kalekale, ndipo amakhala ku Kanyama, kumadzulo kwa mzinda, kupitirira msika wa Soweto mukatsata msewu wa Los Angeles. Ndinapita kukawaona m'dzinja. Ndinabwerako mtima utatsala komweko, kwa gulu la amayi ovala jombo omwe mpaka lero sindikutha kusiya kuwakamba.

Muyambe mwaidziwa Kanyama. Kalembera wa 2022 adapeza kuti dera la phungu wa Kanyama lili ndi anthu oposa theka la miliyoni, kuposa anthu a mzinda wa Mzuzu ndi wa Zomba kuwaphatikiza. Malowo ndi athyathyathya, ndipo pansi pake pali thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu. Madzi a pansi ali pafupi. Mvula ikagwa alibe kolowera, amangoti ndendende m'mabwalo ndi m'tinjira. Popeza thanthwe silikumbika, zimbudzi zambiri amazimanga mokwezeka, zokwera ndi masitepe, ndipo zikasefukira, uvewo umayenda m'ming'alu ija kukafika m'zitsime zomwe anthu osowa ndalama ya pa kiyosiki amatungako. Anthu amaika miyala ndi matumba a mchenga m'madzimo kuti azipondapo. Nyumba zambiri ndi za chipinda chimodzi kapena ziwiri, za lendi. Komabe m'mawa uliwonse kumatuluka ana ovala yunifolomu yosita, amayi osenza mabeseni a tomato, anyamata okankha mawilibala a makala. Komboni imadzuka tambala asanamalize kulira.

Ine ndine mwana wa CCAP ya Nkhoma. Amayi anga ndi a Chigwirizano. Azakhali adalowa Chikatolika ndi ukwati, ndipo ali m'kagulu ka Akhristu a m'dera lawo, kamene kwathu timati mphakati kapena limana. M'mawa wina anandigwedeza phewa.

"Dzuka mwana wanga, odwala sadikira dzuwa. Vala jombo za amalume ako."

Panja panali amayi ena atatu, zitenje m'chiuno, mmodzi atanyamula ndowa, wina chikwama chokhala ndi sopo, mafuta odzola ndi magulovesi ochepa. Anandilonjera mwachimwemwe, nanditcha "ba Malawi", dzina lomwe linandikakamira mpaka tsiku lonyamuka. Tisanachoke ndinaona azakhali akutapa ufa m'thumba lathu lomwe linali litatsala pang'ono kutha, nauthira m'kajumbo.

Nyumba yoyamba inali ya agogo ena aakazi amene anafa ziwalo mbali imodzi. Ana awo adatha kumwalira, ndipo amakhala ndi mdzukulu wamkazi wa ku pulayimale. "Odi kuno! Ambuya, mwauka bwanji?" Mawu ofooka anayankha m'katimo. Madzi anali atalowa usiku, mphasa itanyowa, fungo lake loti munthu ukhoza kubwerera pakhomo. Palibe anabwerera. Wina anayamba kukapa madzi ndi mbale, wina anathamangira ku kiyosiki ndi ndalama ya m'mfundo ya chitenje chake, wina anakoleza mbaula. Ine anandituma kukayanika zofunda, chifukwa kusambitsa agogo ndi ntchito ya amayi okhaokha. Ndili panja ndimamva akuwaseketsa, akuwafunsa ngati akukumbukira magule a kwawo ku Petauke. Atandiitana, agogo anali atakhazikidwa chotsamira khoma, atadzola, atawengedwa zikhadabo, akumwa phala la nsinjiro. Mayi wina anagwira dzanja la kamtsikana kaja n'kukaonetsa katembenuzidwe ka wodwala kuti asatuluke zilonda za pogona. Wina anatsegula khadi la kuchipatala kuona tsiku lokatenga mankhwala a BP, nauza mnzake kuti apeze mnyamata wa wilibala wodzawanyamula.

Pemphero linabwera pamapeto, ndipo linali lalifupi. Agogowo si Mkatolika, ndi a New Apostolic. Palibe anawafunsa za zimenezo.

Pobwerera ndinalephera kuugwira mtima. "Azakhali, ufa uja ndi womwe tikanadya madzulo ano. Nanga ukatha?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachilendo. "Amene anatipatsa dzulo sanasamuke, mwana wanga. Kupatsa n'kuika."

Mawu amenewo andikhala. Kuyambira ku Sande sukulu ndakhala ndikumva za kalata ya Yakobo ndi nkhani yake ya chikhulupiriro ndi ntchito, ndipo ndaimva ikulalikidwa bwino ndi abusa ophunzira. Koma ku Kanyama ndi komwe ndinaiona ikuyenda ndi miyendo. Kukhulupirira kwa amayi awa kuli ngati miyala ija ya m'madzi: ukhoza kuima kutsidya n'kumalumbira kuti mwalawo ndi wolimba, koma amene waukhulupiriradi ndi amene wachotsa phazi pouma n'kuupondapo ndi thupi lonse. Azakhali akamati amadalira Mulungu, kudalirako kumaoneka m'thumba la ufa. Amaika pachiswe chakudya cha banja lawo, thanzi lawo, ndi maola omwe akanakhala ali pa kantemba kawo akugulitsa, potsamira lonjezo la Munthu amene sanamuonepo ndi maso. Ndinachita nazo mantha, ndipo ndinazikonda.

Ntchito imeneyi ili ndi mbiri yake, ndipo mbali ina ya mbiriyo ndi yathu. Mu 1973 maepiskopi a Chikatolika a kum'mawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, adagwirizana ku Nairobi kuti mpingo uzimangidwa pa timagulu ta Akhristu oyandikana nyumba. Mmodzi mwa amene adalimbikira kwambiri ganizoli anali Ambuye Patrick Kalilombe a dayosizi ya Lilongwe, ndipo msonkhano wa 1979 womwe udaunikanso za miphakati udachitikira ku Zomba. Ganizo lake linali lakuti wansembe mmodzi sangadziwe nyumba iliyonse ya parishi ya anthu zikwizikwi, koma anansi amadziwana: amadziwa yemwe wagona ndi njala, yemwe sanatuluke m'nyumba sabata yonse. M'makomboni a Lusaka, momwe munadzaza anthu osiya midzi ndi abale kutali, timagulu timeneti tidasanduka mudzi watsopano.

Kenaka idabwera Edzi. Mu 1987 pulezidenti Kenneth Kaunda adauza dziko lonse lapansi kuti mwana wake Masuzgyo adamwalira ndi matendawa, panthawi yomwe atsogoleri ambiri ankaopa ngakhale kuwatchula. Chaka chomwecho chipatala cha Salvation Army ku Chikankata, kum'mwera kwa dzikolo, chidayamba kutsatira odwala kumakomo kwawo ndi kuphunzitsa abale kasamalidwe kake, njira yomwe pambuyo pake idafalikira m'maiko ambiri, kuphatikizapo Malawi. Ku Lusaka chipatala chachikulu cha UTH chidadzaza, odwala ankabwezedwa kuti akafere kunyumba, ndipo m'zaka za m'ma 1990 maparishi adakhazikitsa magulu osamalira odwala m'makomo. Masisitere a Mother Teresa ali ndi nyumba yolandirira odwala ndi ana osowa ku Mtendere, ndipo ku Kalingalinga kudamangidwa Our Lady's Hospice kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Amayi achikulire a m'gulu la azakhali adadutsa m'nyengo imeneyo. Mmodzi anandiuza kuti magulovesi akatha ankavala majumbo a shuga m'manja, ndipo anansi ena ankakana kumwera kapu imodzi ndi iwo chifukwa chogwira odwala. Ankasambitsa anthu omwe ankadziwa kuti sachira. Mankhwala kunalibe, malipiro kunalibe. Chomwe chinalipo ndi kutsimikiza mtima kuti munthu wolengedwa ndi Mulungu asafe ali yekha pa mphasa yonyowa.

Mu 2004 ma ARV adayamba kuperekedwa m'zipatala zing'onozing'ono za m'makomboni, ndipo Kanyama, Matero, Mtendere ndi Kalingalinga zinali m'gulu la zoyamba. Anthu omwe ankawakonzera maliro adadzuka n'kubwerera ku msika. Ntchito idasintha: tsopano ndi yokumbutsa anthu kumwa mankhwala, kulondola amene asiya a TB, kusamalira okalamba, a shuga, a khansa, ndi ana amasiye omwe nawonso ali ndi ana awo. Mabungwe akunja omwe ankapereka njinga, ufa wa soya ndi magulovesi ambiri adachoka. Amayi adatsala.

Tsiku lina madzulo ndinakhala nawo pa msonkhano wa banki m'khonde mwa mmodzi wa iwo. Ndi njira yosungitsa ndi kubwereketsana yomwe bungwe la Catholic Relief Services lidafalitsa ndi dzina la SILC, yofanana ndi banki mkhonde yathu. Bokosi lachitsulo lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo amene amasunga bokosilo alibe kiyi. Ndalama iliyonse imawerengedwa mokweza pamaso pa onse. Apa ndi pomwe ndinaona kuti chikhulupiriro chawo si cha ugonthi kapena cha m'chimbulimbuli: amadziwa kuti munthu ndi munthu, ndiye amaika maloko. Koma mayi wina wamasiye, amene tomato wake anaola ndi mvula, atadandaula kuti walephera kubweza pa nthawi yake, anakambirana n'kumuonjezera mwezi, natapanso m'thumba la zadzidzidzi kuti mwana wake asasowe nsapato za kusukulu. Akanapita kwa a kaloba, akatapila a kumeneko, bwenzi mbaula, matiresi ndi wailesi zitanyamulidwa. Mlembi wa gululo anandinong'oneza: "Tikamutaya apa, pa Sondo tidzakhala naye bwanji benchi imodzi?" Kudalira Mulungu kwawaphunzitsa kudalirana, ndipo kudalirana kumeneku n'komwe kumagula ufa m'nyumba zambiri za ku Kanyama.

Ufawo si wotchipa. Ajezwiti ali ndi bungwe ku Lusaka lotchedwa Jesuit Centre for Theological Reflection, lomwe lidayamba mu 1988. Mwezi ndi mwezi anthu ake amayenda m'misika kulemba mitengo ya ufa, kapenta, nyemba, mafuta ophikira, makala, sopo ndi lendi, n'kulengeza ndalama yomwe banja la anthu asanu likufunika kuti likhale moyo woyenera munthu. Mu 2024, chaka cha chilala chomwe pulezidenti Hakainde Hichilema adachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko, chiwerengerocho chidapitirira K10,000 ya Zambia pamwezi, pamene mlonda kapena wantchito wa m'nyumba ankalandira kachigawo kochepa chabe ka ndalama imeneyo. Zinandisangalatsa kuti pali ansembe omwe amaona kuwerenga mtengo wa kapenta ngati ntchito ya Mulungu. Mabungwe a apantchito ndi atolankhani amatenga manambala amenewa pokakangana ndi boma za malipiro.

Musaganize kuti ndi Akatolika okha. Maliro atagwa ku George, kufupi ndi Matero, azakhali ananditenga. Mipando inali itatulutsidwa panja, amuna atazungulira moto, amayi ali m'nyumba. Ndinaona mabulauzi ofiira a amayi a United Church of Zambia, madiresi a buluu a amayi a Dorika a Seventh-day Adventist, zitenje za oyera mtima za Akatolika, ndi zakuda ndi zoyera za amayi a Reformed Church in Zambia. Awa atayambitsa nyimbo, tsitsi linandiimirira: inali nyimbo yomwe amayi anga amaimba ku Chigwirizano. Mpingo wawo ndi wathu ndi ana a bere limodzi. Mpingo wa Dutch Reformed womwe amishoni ake adafika ku Mvera mu 1889 ndi womwenso udatsegula Magwero, kufupi ndi Chipata, mu 1899. Womwalirayo anali mnyamata woyendetsa wilibala, wopanda mbale m'tauni kupatula mayi ake. Mbale inazungulira, ena anabweretsa makala, ena kabichi, wina anabwereka lole ya kuntchito kwake. Pofika tsiku la ku manda a Chingwere bokosi linali litapezeka, ndipo mayiyo sanagone yekha ngakhale usiku umodzi.

Nkhani ya kolera anandiuza okha, chifukwa palibe nyumba ku Kanyama yomwe ilibe chokumbukira. Mliri wa 2017 mpaka 2018 udabweretsa asilikali m'misewu, lamulo loletsa kuyenda usiku ku Kanyama, ndi kuletsa misonkhano ya mapemphero m'madera omwe adakhudzidwa kwambiri. Wa 2023 mpaka 2024 udaposa: anthu oposa 20,000 adadwala m'dziko lonse, oposa 700 adamwalira, bwalo la masewero la National Heroes lidasanduka chipatala, ndipo sukulu zomwe zimayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale zidatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Ife a ku Malawi tikuudziwa ululu umenewu, poti wathu wa 2022 mpaka 2023 udatenga anthu oposa 1,700. Boma la Zambia lidalamula kuti mapemphero asapitirire maola awiri ndipo anthu asapatsane moni wa m'manja. Amayi a gulu la azakhali sadaone lamulolo ngati kulimbana ndi Mulungu. Adaika ndowa za mpopi pakhomo la tchalitchi, adayenda khomo ndi khomo ndi timabotolo ta klorini, adaphunzitsa kasungunulidwe ka madzi a mchere ndi shuga, ndipo akapeza wotsekula m'mimba sankayamba ndi kumusanjika manja. Ankayamba ndi kufuna galimoto. Chowawa kwambiri, anati, chinali kuletsedwa kusambitsa mitembo ya anzawo ndi kugona pa siwa. Adamvera, misozi ili m'maso, chifukwa chikondi pa nthawi imeneyo chinkafuna zimenezo.

Pali zomwe zinandipweteka, ndipo sindingazibise. Zambia idalengezedwa kuti ndi dziko la Chikhristu ndi pulezidenti Frederick Chiluba pa 29 Disembala 1991, mawuwo adalowa m'malamulo aakulu a dziko mu 1996, ndipo kuyambira 2015 tsiku la 18 Okutobala ndi la mapemphero a dziko lonse. Komabe patapita zaka zoposa makumi atatu, ana a ku Kanyama akupitabe kusukulu akuvuula madzi a m'chimbudzi. Thukuta la amayi awa lisakhale chophimbira ulesi wa amene ali ndi udindo wokumba ngalande ndi kukoka mapaipi. Dziko lodzitcha la Chikhristu liyenera kuyesedwa ndi muyeso womwewo womwe amayiwa amadziyesa nawo. Ndipo m'tinjira tomweto muli zikwangwani za aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta odzozedwa, olonjeza galimoto ndi visa kwa amene wabzala mbewu ya ndalama. Amayi anandiuza za mtsikana yemwe anauzidwa kuti wachira, nataya ma ARV ake kuti aonetse chikhulupiriro; anamupeza ataonda, namubereka okha kubwerera naye kuchipatala. Uko nakonso amati ndi kukhulupirira mwa ntchito, koma onani amene amaika moyo pachiswe ndi amene amapindula. Kwa mneneri, wosauka ndiye amataya, mwini guwa ndiye amalemera. Kwa amayi a jombo, amene amataya ndi wokhulupirira mwini wake, ndipo amene amapindula ndi agogo a m'chipinda chonyowa chija.

Sikuti ndi angelo. Amakangana za amene wajomba, amadandaula za msana, ena amatopa n'kusiya. Ambiri ndi achikulire, ndipo nkhawa yawo yaikulu ndi yakuti atsikana a masiku ano, otanganidwa ndi kusaka ya lendi, sakulowa m'gululi mwaunyinji. Amuna ndi ochepa kwambiri, mwakuti wodwala wamwamuna nthawi zina amadikira masiku kuti apeze womusambitsa. Bambo mmodzi wopuma pantchito ya njanji ndiye amayenda nyumba zonse za amuna m'dera lawo. Tsiku lomwe ndinamuperekeza anandipatsa lezala n'kunena kuti, "Mwana wanga, meta ndevu za bambo awa, manja anga ayamba kunjenjemera." Aka kanali koyamba kuti ndimete munthu wina. Bambo wodwalayo atadziyang'ana pa kagalasi anamwetulira ndi theka la nkhope lomwe limagwira, ndipo chimwemwe chomwe ndinamva pamenepo sindinachimvepo pa msonkhano uliwonse wa chitsitsimutso.

Chomwe chinandidabwitsa pobwerera kumudzi n'chakuti nditafotokozera amayi anga zonsezi, sanadabwe. Anandiuza kuti a Chigwirizano, a Mvano, a Umanyano, a Dorika ndi a m'miphakati akhala akuchita zomwezo ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Ndirande, ku Mbayani ndi ku Chiputula kwa zaka zambirimbiri, kungoti ntchito yake imachitika m'mamawa, m'zipinda zomwe ambirife sitilowamo.

Choncho owerenga, mukadzapita ku Lusaka, mukadzatsiriza za ku Kamwala, kwerani minibasi ya ku Kanyama, Chawama kapena George, mukafunse pa tchalitchi chilichonse komwe kuli osamalira odwala m'makomo. Ngati ulendo wa ku Zambia ndi wautali, funsani pa mpingo wanu sabata ino. Musapite chimanjamanja: amasowa sopo, magulovesi, mafuta odzola, klorini ndi ufa wa phala. Ndipo inu abambo ndi anyamata, pali odwala aamuna omwe akudikira munthu wodzawasambitsa.